Kabu ya M'munda mwa a Tarsisio

Belu lachiwiri litalira, tela yoonetsera zithunzi yomwe anaiika kumiyendo kwa bedi la a Tarsisio inali ikungophethira mizeremizere, nkhope osaoneka ngakhale imodzi. Felismina, mwana wawo wamkazi, anaunika mawaya kuseri kwa telayo, koma onse anali bwinobwino. Mlongo wake Arcanjo anali pafupi kuyamba Misa yake yoyamba ngati wansembe m'tchalitchi cha pamudzi pawo ku Lifidzi, ndipo bambo awo, amene sakanathanso kunyamulidwa, anali atapempha chinthu chimodzi chokha: kumuona mwana wawo pa guwa asanatseke maso.

Ntchitoyi Felismina ankaidziwa, musamuone kuchepa thupi. Ku Ulongwe ankakonza mawailesi ndi makamera. Sinali, mphamvu yonyamula chithunzi kuchokera ku kamera, ikayenda mu kabu, waya uja, mtunda wautali imafika yofooka, choncho pamafunika tichipu, tizipangizo tating'ono tamagetsi, tiwiri: kokankha sinali kutchalitchiko, ndi kena koiwongola ikafika kunyumba. Towongolato anali nato tiwiri. Kena kankafika mamita mazana awiri koma chithunzi chambuu, kena chithunzi chakuthwa koma osapyola mamita zana. Iye anayeza ndi chingwe mtunda wolunjika kuchoka pawindo mpaka kutchalitchi, napeza makumi asanu ndi anayi. Poganizira maso a nkhalamba, anawotcherera kakuthwako m'kabokosi kake, kena kaja n'kukasiya ku Ulongwe. Nanga akanadziwa bwanji?

Anathamangira panja. Kabu ija sinali pomwe anayeza ayi. Inakhota kutsata malire, kuzungulira munda wonse wa kachewere, pakati ili yolumikiza ndi ina yakale yomangidwa ndi mphira.

"Achimwene! Mwachita chiyani apa?" Felismina anakalipira Romano, mkulu wawo, amene anayala kabuyo m'mawa.

"Ndazungulira, nanga bwanji? Unayamba waona munthu akudumpha mizere ya ababa?"

Zoona, m'mudzi monse panalibe. Zaka makumi anayi a Tarsisio akhala akubweza anthu pamundapo, ana awo, akatekisi, ngakhale operekeza maliro. Ana awo anakula akuzungulira mpaka miyendo inaiwala kuti pali njira yachidule. Koma sinali siidziwa ulemu, abale. Kabu itafika mamita zana ndi makumi asanu ndi limodzi, kachipu kaja kanangogonja.

"Pita ukatenge kena kaja," anatero Romano.

"Ku Ulongwe? Pobwera ndidzapeza akusesa m'tchalitchi!"

Kwaya inayamba nyimbo yolowera. Felismina analira, kulira kwenikweni. Anamasula cholumikiza chija n'kutaya kabu yakaleyo kumbali. Kenaka anavula nsapato, nagwira nsonga ya kabu yabwinoyo, n'kulowa m'munda.

"Iwe! Akadali moyotu!" anakuwa Romano.

"N'chifukwa chake!"

Kachewere anali atachita maluwa, dothi lili chinyezi. Anaponda mzere woyamba, phwa, wachiwiri, phwa, kabu ikuthyola mitengo kumbuyo kwake. Phazi lililonse ankamva ngati akuponda pachifuwa pa bambo ake, koma sanaime. Atafika pawindo anaponya nsonga mkati, nazungulira kukhomo, n'kulumikiza ku kabokosi kake.

Tela inada bii. Kenaka mwadzidzidzi, Arcanjo uyo, m'zovala zoyera, mpaka chipsera cha pachipumi chimene anachipeza atagwa pa ngolo ali mwana chikuoneka.

A Tarsisio anayang'ana nthawi yaitali, milomo ikutsatira mawu a Misa. Misozi inatsikira m'makutu mwawo ndipo palibe anaipukuta. Pa nthawi yokweza mkate, maso awo anatsika pang'ono n'kupeza mapazi a Felismina, matope mpaka m'akakolo, tsamba la kachewere litamatirira pachala.

"Wadutsa m'munda mwanga, iwe."

"Ndadutsa, ababa."

Anabwezera maso pa tela paja.

"Mawa ukaunde mizereyo," anatero motsitsa. "Ndidzabwera kudzaona."

Felismina anagwada n'kuwagwira dzanja lomwe linali litayamba kale kuzizira.

"Ndikaunda, ababa," anayankha.