Kugawa Pawiri

Pakampani yosoka matenti, ntchito ya a Tepi inali yoyeza zidutswa za makona atatu ndi kuwerengetsa kukula kwake, kuti odula adziwe nsalu yofunika. Dzinalo anawapatsa anzawo chifukwa tepi sinkachoka m'khosi mwawo, mwina ankagona nayo. Mlongo wawo, Chitsirizira, anamulowetsa ntchito ndi iwo omwe, atamaliza sukulu ya makompyuta.

Ndiye Lolemba bwana anamuitana mtsikanayo n'kumuuza kuti alembe kapulogalamu. Kazilandira mindandanda iwiri ya manambala, wina wa matsinde, wina wa kutalika, n'kubweza kukula kwa chidutswa chilichonse. Bwanayo sanabise mawu. Kakangoyenda bwino, tebulo loyezera lichoka.

Chitsirizira anagwira njakata. Ntchito yake inali yosavuta, ngakhale mwana wa sukulu akanaitha: tenga tsinde, chulukitsa ndi kutalika, gawa pawiri, pita pa nambala yotsatira. Koma ankati akakweza maso, kuseri kwa galasi la ofesi ankaona achimwene ake atawerama patebulo, pensulo ili pakhutu, akuimba mluzu. Kunyumba achimwenewo anali ndi ana anayi ndi mkazi wodwaladwala. Mtima unamuwawa, ndipo anadana ndi zala zake zomwe.

Anazengereza mpaka Lachinayi, bodza la kompyuta yovuta litamuthera. Pamenepo anaganiza nzeru, ya munthu wosowa pogwira. Analemba zonse bwinobwino, koma kugawa pawiri anakusiya dala. Mayankho onse akatuluka otupa, nsalu ikaoneka ngati ikuwonongeka, bwana akanyansidwa nazo. Iye akatchedwa mbuli, koma mbuli imadya.

Nthawi ya nkhomaliro a Tepi analowa mu ofesimo akutafuna, ati adzaone zodabwitsa za mwana wa mayi awo. Anakoka mpando, n'kumuuza kuti ayese chidutswa chimene anayeza m'mawa. Chitsirizira analowetsa manambala. Yankho litatuluka, a Tepi anasiya kutafuna. Anayang'ana kuchitseko, kenaka anatsitsa mawu.

"Chemwali, apa sunagawe pawiri. Konza bwana asanaone."

Iye anayesa kukana, ati kompyuta ili ndi mawerengedwe akeake. Achimwene akewo anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. Anamukumbutsa kuti masamu amenewa anamuphunzitsa ndi iwo, pansi pakhonde, akujambula ndi khala.

"Ndikudziwa sunaiwale," anatero. "Koma ukalakwitsa, achotsa iwe, aitane wina wodzalemba zomwezi. Tikakhale pakhomo tonse awiri, ana azitiyang'ana?"

Misozi inadzaza m'maso mwa Chitsirizira mpaka zilembo zinayamba kusambira. A Tepi anatenga pensulo pakhutu paja n'kuloza pagalasi la kompyuta, kumapeto kwa mzere, pamalo penipeni posowekapo. Anadikira osachotsa dzanja. Mtsikanayo anadina kamzere kogawira, kenaka nambala 2.

Anayesanso. Yankho linafanana ndendende ndi la papepala la a Tepi.

"Eya, mwana wa mayi," anatero a Tepi, akumusisita paphewa.

Anabwerera kutebulo kwawo, chifukwa panali zidutswa zina zoti amalize asanaweruke. Chitsirizira anawayang'ana kudzera pagalasi la ofesi lija. Tepi inali m'khosi, pensulo pakhutu, koma mluzu sunamvekenso. Foni ya patebulo inalira, bwana akufunsa ngati kapulogalamu katha.

"Katha, bwana," anayankha.