Pepala la Pafiriji

Agogo ndi mng'ono wawo anakayezetsa magazi tsiku limodzi, koma zotsatira zake, abale inu, zinabweretsa nkhondo m'nyumba! Vitamini B12 wa agogo anali wapakatikati, pomwe wa mng'ono wawoyo anali wokwera zedi. Mng'ono wawoyo anamata pepala lawo pafiriji n'kumauza aliyense kuti, "Ine ndidzakuikani m'manda nonsenu."

Agogo mtima unawawawa. Chiyambire mng'ono wawoyo ankawaposa pa chilichonse, kusukulu, tsitsi, ngakhale kufunsiridwa. Lero magazinso?

Lachinayi adokotala anaimba foni. Anati kwa okalamba nambala yokwera chonchi nthawi zina imasonyeza matenda obisika, ndiye mng'ono wa agogoyo abwerenso akawapime chiwindi ndi impso. Basitu mwana wa agogo, amene amatha mwezi osawaona mayi ake, anatulukira ndi galimoto, atanyamula zipatso ndi bulangete latsopano.

"Amayi aang'ono, khalani kutsogolo kuno," anatero.

Agogo anakwera kumbuyo nkhope ili ndwii. Ali m'njira anatambasula mkono n'kugwira zolimba dzanja la mng'ono wawo.

"Usaope iwe," ananong'ona. "Koma pobwerera, mpando wakutsogolowo ndi wanga."