Madzi Saodira

Eugene anali wometa tsitsi ku Kanyama, mu mzinda wa Lusaka. Kashopu kake kamalata kanali m'mbali mwa msewu wopita kumsika, pakati pa mayi wogulitsa makala ndi bambo wowotcherera mageti. Ntchito ankaidziwa, koma mtima wake unali pa nyimbo. Ankapeka akumeta, ankapeka akusesa, ndipo magetsi akathima makina n'kuima, ankatenga gitala yake yong'aluka n'kuyamba kuimbira aliyense amene wakhala pampando mutu uli wometedwa mbali imodzi.

"Mwaimva bwanji?" ankafunsa akamaliza.

"Ili bwino maningi," kasitomala ankayankha. Nanga munthu anganene chiyani kwa amene wagwira lezala pafupi ndi khutu lake?

Chaka chimenecho Eugene anapeka nyimbo ya madzi amene amasefukira mu Kanyama dzinja lililonse, ndipo anatsimikiza mtima kuti imeneyi aijambule. Mkazi wake Towela, amene ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika, m'tauni, ndiye anamuuza za ba Nason a ku Matero. Anali munthu wachikulire wokulira ku Kitwe, amene pa unyamata wake ankaimba gitala m'magulu oimba nyimbo za kalindula, ndipo tsopano anali ndi situdiyo kuseri kwa nyumba yake.

Eugene anatseka shopu Lolemba lina n'kukwera minibasi ziwiri. Situdiyoyo inali kachipinda kotentha, makoma ake omatidwa mathileyi a mazira. Ba Nason anali atakhala pampando wapulasitiki akusenda mtedza, umene kumeneko amati nshawa. Anamulozera pamene angaime, n'kunena kuti ayambe waimba ndi gitala yokha, makina asanayatsidwe.

Sanafike ndi pakolasi pomwe. Mkuluyo anakweza dzanja.

"Imani. Nyimbo iyi ikamba za chani?"

"Za manzi, mudala."

"Manzi namva. Koma namvanso za ulova, za mtengo wa unga, za atsikana otenga mimba, na kubwera kwa Yesu. Vonse mu vesi imodzi. Mwalongedza monga kondakitala, anthu mpaka pa injini. Tsitsani ena."

Eugene anayesa kufotokoza kuti mavuto onsewo ndi a mu Kanyama momwemo, koma ba Nason anali atabwerera kale ku nshawa zawo. Eugene ananyamula gitala yake n'kutuluka. M'minibasi anakhala akudziuza kuti mkuluyo ndi wansanje, munthu amene nthawi yake inapita. Komabe atafika kunyumba anachotsa za mtengo wa ufa ndi atsikana aja, ndipo kubwera kwa Yesu anakusiya kumapeto kokha.

Ulendo wachiwiri anaimba mpaka kupyola kolasi. Mtima unayamba kukhala m'malo. Kenako dzanja lija linakweranso.

"Mupumira pati?"

"Bwanji, mudala?"

"Mawu yachuluka, mpweya ukuthelani pakati pa dzina. Muimba kuti Kanya, mwapuma, ndiye ma. Mudziwa vimene ana azayamba kuimba mumsewu?"

Eugene anadziwa. Anangoyang'ana mathileyi a mazira.

"Liwu silidulidwa monga chitenje," anatero ba Nason. "Ngati mzere siukwana mu chifuwa chanu, mzere ndiye wolakwa."

Pa ulendo wachitatu Eugene anapita atakonzeka ngati wopita kubwalo la milandu. Mizere anali ataifupikitsa, kupuma anali atakuyeserera mpaka mwana wake Gloria anayamba kumuseka. Anaimba nyimbo yonse popanda kuimitsidwa, ndipo atamaliza anatsamira khoma kudikira.

Ba Nason anavula magalasi n'kuwapukuta pamalaya.

"Tiyeni tigwirane manja, titukule dera lathu," anabwereza mzere wina wa nyimboyo mwapang'onopang'ono. "Akamba apa ni ndani? Ni imwe, kapena ni munthu wofuna mavoti?"

"Ni uthenga, mudala. Nyimbo ifunika uthenga."

"Manzi yanakulowelaniko mu nyumba?"

"Chaka chilichonse."

"Nanga nyumba yanu ili kuti mu nyimbo? Ine namva chabe vikwangwani va mumsewu."

Apa Eugene zinamukwana. Anaika gitala m'thumba lake mwaukali mpaka chingwe chimodzi chinalira.

"Ba Nason, ine natseka shopu katatu. Makasitomala yanga yayamba kupita kwina. Ninabwera kujambula nyimbo, sininabwere ku sukulu. Anthu onse ku Kanyama akuti ili bwino. Imwe mweka ndimwe muona volakwa."

"Masitudiyo ni yambiri mu Lusaka," anayankha mkuluyo osakweza mawu. "Apa sinijambula chinthu chimene nizachita nacho manyazi."

Masitudiyo analidi ambiri. Sabata yomweyo Eugene anapeza ina ku Chawama, ya mnyamata wotchedwa Mwape, yokhala ndi magetsi obiriwira ndi mpando wozungulira. Mwape sanamuimitse ngakhale kamodzi. Ankagwedeza mutu diso lili pafoni, ndipo dzuwa lisanalowe nyimbo inali itatha, ng'oma zamakina zikugunda, mawu a Eugene atawongoledwa mpaka iye mwini sanadzizindikire.

"Iyi ni moto, bosi," anatero Mwape pomuperekeza pakhomo.

Eugene anailiza m'shopu kuyambira m'mawa. Makasitomala ankati ili bwino, kenako n'kupitiriza mkangano wawo wa mpira, mawu awo akukwera pamwamba pa nyimboyo. Anaitumiza pafoni kwa achibale ndi anzake a kutchalitchi, ndipo onse anabweza kachithunzi ka chala chachikulu. Mnzake Hosea, dalaivala wa minibasi, anavomera kuiliza m'galimoto, ndipo Eugene anakwera nawo dala kuti aone nkhope za anthu. Asanafike patali, mayi wina kumbuyo anati, "Ba dalaiva, palibe ina?" Hosea anasintha osamuyang'ana mnzakeyo.

Madzulo ake Eugene anafunsa mkazi wake, amene ankasankha zovala zokagulitsa mawa.

"Iwe Towela, kamba zoona. Nyimbo ija uiona bwanji?"

Towela anapinda diresi n'kuiika pambali. Anatenga ina.

"Atate ake Gloria, mufuna zoona kapena mufuna tigone bwino?"

"Zoona."

"Naimva masiku yonse aya, m'mawa na madzulo. Koma mukaniuza kuti niimbeko mzere umodzi, siningakwanise. Siikhala m'mutu."

"Naiwe wakhala Nason manje?"

"Mwanifunsa ndimwe."

Eugene anakhala masiku osakhudza gitala. Chimene chinkamupweteka kwambiri si mayi wa m'minibasi uja kapena Towela ayi, koma kuti akamamvera nyimbo yakeyo tsopano ankamva mawu a mkulu wa ku Matero pamzere uliwonse. Ankafuna kumutsutsa, koma pomutsutsira panalibe.

Mvula yeniyeni inabwera mu Januwale. Inagwa osalekeza, ndipo m'mawa wina anadzuka madzi ali m'akakolo. Bedi anali atalikweza kale pamabuloko, koma belo la salaula limene Towela anali atangogula linali pansi, litamwa madzi amatope mpaka pakati. Nsapato za kusukulu za Gloria zinkayandama pafupi ndi chitseko, ndipo mwanayo atatola imodzi, munatuluka chule.

Eugene anatenga beseni n'kuyamba kukapa madzi kutayira panja, ngakhale panjapo panalinso madzi omwewo. Pakhomo loyandikana ndi lawo panaima amai Maud, mayi wamasiye wogulitsa vitumbuwa, chitenje atachikwinyira m'maondo, akuyang'ana poto wawo akuyandama kulowera kumsewu.

"Mlendo uyu sadziwa na odi," anatero mayiyo, osauza munthu aliyense.

Eugene anaseka asakufuna. Anapitiriza kukapa, beseni likulowa, likutuluka, ndipo mawu a mayiyo anayamba kuyenda pamodzi ndi beseniro. Pofika masana anali akuimba chapansipansi: mlendo wanga saodira, alowa ndi matope, agona pamphasa panga, ine ndigona chiimire. Towela, amene ankafinya zovala zonyowa ali chete ndi mkwiyo, anapezeka akuyankha mzere womalizawo osadziwa.

Kubwerera ku Matero kunamuvuta kuposa kukapa madzi. Anafika pageti n'kuima kanthawi, akukonza zoti anene. Ba Nason sanamufunse kumene anali, ndipo za ku Chawama sanazitchule, ngakhale Eugene ankaona kuti akudziwa. Anangomulozera malo aja.

Eugene anaimba nyimbo yatsopanoyo yonse. Mkuluyo anakhala maso ali pansi, chala chikugunda pabondo.

"Kolasi musaikhudze," anatero pomaliza. "Vesi yachiwiri ni yofooka."

Eugene anatseka maso n'kupuma mozama.

"Yofooka pati, mudala?"

"Mwakamba kuti belo la akazi anu lanyowa. Chabwino. Ndiye muwonjeza kuti mtima wawawa, misozi yagwa, umoyo ni wovuta. Aliyense wogulitsa salaula adziwa kale vimene belo lonyowa litanthauza. Musamulilire. Azalira yekha."

Zinali zoona, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kwambiri Eugene. Anachotsa mizereyo pomwepo.

"Na chule uja achoke," anapitiriza ba Nason. "Anthu azaseka. Nyimbo ni yachisoni."

"Chule sachoka."

"Bwanji?"

"Chifukwa tinaseka. Manzi yali mu nyumba, katundu waonongeka, koma tinaseka tonse, na Towela yemwe. Ku Kanyama ndiye mmene tikhalira. Mukachotsa chule, yakhalanso nyimbo ya vikwangwani."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi. Kenako anadzuka n'kuyatsa makina.

"Nyimbo ni yanu," anatero. "Akakusekani musabwere kuno."

Kujambulako kunatenga masiku angapo, ndipo tsiku lililonse Eugene ankabwerera kunyumba akulumbira kuti sadzapondanso ku Matero. Mzere umodzi ankaubwereza mpaka kukhosi kuuma. Ba Nason anakana ng'oma zamakina, anaitana mnzawo wakale woimba ng'oma zamanja, ndipo gitala yaikulu anaiimba okha. Atamaliza sananene kuti nyimboyo ndi yabwino. Anangoti, "Yatha," n'kuyamba kukulunga mawaya.

Nyimboyo sinamulemeretse Eugene, ndipo shopu sanaisiye. Koma inayenda yokha pamafoni, kuchoka ku Kanyama kufika ku Chawama ndi ku George, kulikonse kumene anthu amakweza mabedi pamabuloko. Hosea ankailiza osapemphedwa. Pa chule paja anthu ankasekadi, kenako n'kukhala chete vesi yotsatira ikayamba.

Tsiku lina m'mawa, akupita kukatsegula shopu, anadutsa pampopi pamene amayi anali pamzere ndi zigubu zawo. Ankaimba kolasi yake. Anachepetsa liwiro kuti amve bwino, ndipo chimwemwe chake chinatha msanga. Sankaimba kuti mlendo wanga. Ankaimba kuti mlamu wanga saodira, akuombera m'manja ndi kuseka.

Anaimbira foni ba Nason ali pomwepo.

"Mudala, anthu aononga nyimbo. Ine ninalemba mlendo. Iwo aimba mlamu."



"Mlamu," anabwereza mkuluyo. "Mlendo amabwera kamodzi, apita. Mlamu abwera chaka na chaka, ndipo simungamuthamangitse. Akupambanani azimayi abo. Tinafunika kuiona ise."

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Nikuti muziimba mmene aimbira iwo."

Eugene anadula foni osatsanzika. Anatsegula shopu, anapukuta galasi, anathira mafuta m'makina, nkhope ili gwa. Wogulitsa makala uja anamupatsa moni koma sanamve. Kasitomala woyamba asanafike, anayesa mzerewo kamodzi chapansipansi ndi liwu la amayi aja, kuti angotsimikiza kuti silikukwana. Linakwana bwinobwino.