Wandidula Mutu

Kunyumba anayamba kumutcha mtsikanayu Aphunzi tsiku lomwe kalata ya ku koleji inafika, asanagwire choko n'komwe. Tsopano kunatsala phiri limodzi: Lachinayi aphunzitse ana a kalasi yachitatu za ntchito zamanja pogwiritsa ntchito zithunzi za pakompyuta, mlangizi wake atakhala kumbuyo ndi cholembera. Akalephera, abwereza chaka.

Mlangiziyo, mayi wosaseka wamba, nyimbo yake inali imodzi: chithunzi chizinena chinthu chimodzi, zotsalazo dulani. Mtsikanayu anafufuza zithunzi pa intaneti mpaka maso kuwawa, koma osoka nsapato a kumeneko onse anali a zovala zoyera mbee, akumwetulira ngati otsatsa mankhwala otsukira mano. Chonsecho wosoka nsapato weniweni ankamudutsa m'mawa uliwonse pakhonde la sitolo ya pakona, atapanira nsapato pakati pa maondo. Anali bambo ake.

Bambowo atamva zojambulidwa anavomera msangamsanga, n'kuzimiririka. Anabwerako atavala jekete la paukwati wawo, limene mabatani ake anasiya kalekale kupatsana moni ndi ziboo zake. Anaima njo, manja atabisa kumbuyo. Zinatengera kuwanyengerera kuti akhale pansi azisoka ngati masiku onse, ndipo anatero monyinyirika, jekete lili m'thupi, thukuta lili kamukamu.

Ataweruka, mwanayo anawaonetsa pa laputopu mmene amadulira chithunzi. Anakoka timizere ta m'mbali, khoma n'kuchoka, jekete n'kuchoka, kutsala manja okhaokha: zikhatho zokakala, chala chachikulu chochekekachekeka ndi ulusi, guluu wakuda m'zikhadabo.

"Iwe, wandidula mutu," anatero bambo.

Anawafotokozera lamulo la mlangizi. Iwo anayang'ana manjawo nthawi yaitali, n'kuseka pang'ono. Anati wachita bwino, ana a masiku ano ndi amwano, asadziwe kuti aphunzitsi awo ndi mwana wa munthu wonunkha guluu. Mawuwo anamulasa mtima. Apa m'pamene anazindikira kuti jekete lija silinali lodzionetsera ayi, bambo ankaopa kumuchititsa manyazi.

Lachinayi mtsikanayu anatseka makatani m'kalasi, n'kuyatsa makina oonetsera zithunzi. Manja aja anadzaza khoma lonse la kutsogolo. Ana anayamba kugwetsa mafunso osapatsana mpata. Anatchula zida zonse, anawerenga zipsera, wina n'kufunsa ngati singano yotereyo siibaya. Kumbuyo kuja cholembera chinali kuthamanga. Ndiye kamtsikana kena ka pabenchi yoyamba kanaimika mkono, kufunsa ngati manjawo alibe mwini wake.

Lamulo ankalidziwa, ndipo mwini lamuloyo anali m'chipinda momwemo. Komabe anadina pobwezera chithunzi mwakale. Jekete linabwerera ndi mabatani ake odana aja, pamwamba pake nkhope ya thukuta, lilime atalumira pakona monga amachitira polowetsa ulusi.

"Awa ndi bambo anga," anatero. "Nsapato ndavalazi azisoka katatu konse."

Ana anadzuka m'mabenchi kudzaona nsapatozo, ndipo palibe anaseka. Mlangizi naye anasuzumira pansi. Potuluka sanachulutse gaga, anangoti wakhoza, n'kufunsa chapansipansi ngati bambowo amakonzanso zidendene.

Mtsikanayu analunjika kukhonde la sitolo lija, n'kuwauza zonse, osasiyako kanthu. Bambo anaimitsa singano m'malere. Kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kudandaula kuti guluu wa masiku ano ndi wolowa m'maso.

"Ndiye unawauza kuti ndine bambo ako, pamaso pa onsewo?"

"Pamaso pa onsewo, bambo."

Anagwedeza mutu, n'kuloza kumapazi kwake. "Tavula nsapatoyo, Aphunzi. Yayambanso kuseka kutsogoloku."