Kabulangete ka Manzere

"Ndani anakupatsani? Ndikufunsa inu, asisi, ndani anakupatsani kabulangete kaja?"

Manzere anali ataima pakhomo la saluni ya achemwali ake, foni kudzanja ili, chikwama chopanda kanthu kudzanja linalo, ali wefuwefu. Azimayi a gulu loluka anali atakhala kuseri kwa madilaya monga amachitira Loweruka, ulusi pamiyendo, tizisoti ndi timasokosi ta ana akhanda tili mulu m'katoni. Singano zonse zinaima.

"Iwe, tsitsa volyumu, muno muli makasitomala," anatero achemwaliwo. "Takhala kaye pansi."

"Sindinabwerere mpando. Taonani ichi."

Anawakankhira foni kumaso. Chinali chithunzi chomwe achemwaliwo anaponya okha pa gulupu m'mawa: katundu wa gulu atafika ku wodi ya ana obadwa masiku osakwana, anesi akumwetulira, m'munsi timitima mbwee. Pakona pa chithunzicho panali kamwana kofunda kabulangete kachikasu.

"Tachikasu tilipo tambiri. Ulusi si timagula pamodzi?"

"Zumani. Zumani muone bwino."

Kuzumako kunali kungotaya nthawi. Gulu lonse limadziwa kuti woluka ndi dzanja lamanzere mizere yake imapendekera kwina, ndipo wamanzere analipo mmodzi yekha, nde dzinalo linangomukakamira. Komanso kumapeto kwa kabulangeteko kunali mzere wobiriwira, pomwe ulusi wachikasu unamuthera ali wotopa, miyendo itatupa, kusitolo osafikako.

Kameneko sanalukire gulu ayi. Analukira mwana wake. Mwanayo anabwera msanga, anakagonekedwa mu wodi yomweyo, n'kufunda kabulangeteko masiku ochepa amene anapuma mpweya wa pansi pano. Manzere anatuluka m'chipatala atakumbatira kabulangete kokhakokha. Sanakachape. Anakapinda n'kukaika m'chikwama pamwamba pa wadilobu, mtima ukathina amatsitsa n'kununkhiza. Masabata apitawa amadzikaniza, kuyesa kulimba monga aliyense amamuuzira. Lero ataona chithunzi anakwera pampando, chikwama n'kuchipeza pululu.

"Chabwino," achemwali anatsitsa mawu. "Alamu, amuna akowo, ndi amene anabwera nako. Akuti sukudya, sukuyankhula, ntchito kununkhiza nsalu. Nde ife tinati tikuthandize. Kupatsa n'kuika, mng'ono wanga. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Miyambi yanuyo muziiponya pa sitatasi. Munakachapa?"



Mayi wina wamagalasi anayankha maso ali pa ulusi wake. "Zopita kuchipatala zonse timachapa ndi kusita, mwanawe. Anesi salandira zosachapa."

Manzere anagwira chitseko. Kenako anapanikiza chikwama chija m'khwapa.

"Ndikukatenga."

"Ukachita manyazi, iwe! Ukalanda mwana wa eni ake chofunda? Shuwa?"

Sanatembenuke. Akukwera minibasi anamva achemwali akukuwa pafoni kuti alamu, siyani chilichonse, thamangirani kuchipatala, zavuta.

Njira ya ku wodi ija miyendo yake imaidziwa yokha. Khonde lalitali, mabenchi, fungo la mankhwala okolopera. Nesi wa pakhomo anamuzindikira, anayamba kumwetulira, kenako anakumbukira n'kusiya.

"Mwabwera za gulu loluka?"

"Eya."

"Vulani nsapato, musambe m'manja."

Mkati munali motentha ngati kale. Pampando wa pakona panakhala kamtsikana, tsitsi losapesa, maso ofiira ndi tulo, mwana ali pachifuwa, kabulangete kachikasu katawafunditsa onse awiri.

"Sisi, mukufuna ndani?"

"Kabulangeteko…" Manzere anakaloza ndi chala.

"Kokongola eti? Ine zinandidzidzimutsa, ndinafika muno ndi nsalu imodzi yokha yomwe ndinavala. Bambo a mwanayu foni anathimitsa kalekale. Chifundireni aka mapazi asiya kuzizira. Anzangawa jelasi, akuti ine ndapata ka dizaini." Anaseka, n'kuyang'ana pansi. "Mwanawe, pereka moni kwa aanti."

Manzere anawerama ngati akufuna kuona nkhope ya mwana. Anakoka mpweya, mphuno ili pa ulusi. Sopo. Mkaka. Thukuta la mwana wina. Anakokanso kachiwiri, mwamphamvu, mpaka mutu unachita chizungulire. Fungo la mwana wake munalibemo. Madzi akatayika saoleka, ndipo awa anatayidwa ndi beseni lochapira kuseri kwa saluni.

Apo m'pamene anaona pakona. Mzere wobiriwira uja sanaumalize kumanga, matenda anamuyamba singano ili m'manja. Tsopano ndi kuchapa kuja ulusi unali utayamba kusomphoka, kautali ngati chala, kakulendewera pafupi ndi kaphazi ka mwana.

"Gwirani apa," anatero. Anasolola singano yolukira yomwe amabaya m'tsitsi, n'kugwada.

Mtsikanayo anayang'anitsitsa. "Aa, inu mumaluka chobwerera?"

"Ndine wamanzere."

"Ndiye kuti munaluka ndinu! Sisi, manja muli nawo. Wanu ndi wamkulu bwanji?"

Singano inalowa, inakoka, inalowanso.

"Anafunda komweka. Pabedi ilo la pawindo."

Mtsikanayo anayang'ana bedilo, anayang'ana chikwama chopanda kanthu chili pansi, kenako nkhope ya Manzere. Kuseka konse kunatha. Pang'onopang'ono anayamba kuchotsa kabulangeteko paphewa pake.

"Pepani, sisi, sindimadziwa. Tengani. Anesi andipezera kena."

Kamphepo katangomukhudza, mwanayo anakwinya nkhope n'kutulutsa kamawu kochepa ngati ka mphaka. Manzere anakadziwa kamawuko. Dzanja lake linathamanga lokha, n'kubwezera kabulangeteko pamsana pa mwanayo, n'kukapinda kumapazi.

"Musamuvundukule. Sachedwa kuzizidwa amenewa."

Anamanga mfundo yomaliza, n'kudula ulusi ndi mano. Kachidutswa kobiriwira kanatsala pamlomo pake. Anakachotsa, anakayang'ana, n'kukafumbata.

Pakhonde anapeza mwamuna wake ali mu ovolosi ya kuntchito, girisi m'manja, achemwali ali pambali pake. Onse maso pa chikwama. Ataona kuti chikadali chophwa, achemwali anapuma mozama.

"Make mwa…" mwamunayo anameza mawuwo. "Bebi, waona? Waona mmene kathandizira? Ine ndimafuna zomwezi, kuti uchire. Ndikanakufunsa ukanakana."

"Eya, ndikanakana."

"Nde basi, zatha bwino. Tiye kunyumba."

"Wachita chamuna, mng'ono wanga," anatero achemwali. "Tijambule ka selefi tiponye pa gulupu, anthu alimbikitsidwe."

Manzere anamuponyera mwamuna wake chikwama chija pachifuwa.

"Kabulangete kaperekedwa lero, ndi manja angawa. Tsiku lija inu munaba."

Anavala nsapato zake, kaulusi kali m'chibakera, n'kutuluka pageti yekha.