Kalata Yokana Kufufutika

Ofesi ya sekilitale inalibe zenera. Munali desiki, kabati ya mafailo ndi chitseko chimodzi chotulukira mu ofesi ya bwana. Ngakhale popita kokadzithandiza, sekilitaleyo ankadutsa pamaso pa bwanayo, zaka zisanu ndi ziwiri zathunthu.

Mkwiyo wake ankauthira m'kalata yosiyira ntchito. Bwana akamukalipira, iye amvekere "chabwino bwana," kenako n'kukawonjezera mzere pakompyuta. Kalatayo inafika masamba anayi, ndipo munali zonse, mpaka fungo la masokosi awo. Sankafuna kuipereka ayi. Ana awiri ali pasukulu, munthu ungasiye ntchito chifukwa cha masokosi?

Tsoka sasimba. Tsiku lina m'mawa, pokopera lipoti pa fulashi ya bwana, anakoka foda yonse, ndi kalata ija yomwe. Ati aifufute, kompyuta inakana kwamtuwagalu, yati fulashiyo ndi yotseka, siilola kulembapo kapena kuchotsapo kanthu. Anaizula, naibayanso. Anaisinthira bowo lina. Ayi ndithu, kalata ili pompo, dzina lake lili poyera: "Tsalani Bwino Bwana." Mantha anamugwira.

Anaimbira mlamu wake, wokonza makompyuta, akunong'ona.

"Alamu, ndapsa. Fulashi ikukana kufufuta."

"Onani m'mbali mwake, pali kabatani kotsekera?"

"Palibe."

"Ifomateni, zichoke zonse. Lipotilo mukopera kachiwiri."

Anayesa, koma inakananso. Mlamuyo anamuyendetsa m'malo ena a kompyuta omwe iye anali asanafikeko chibadwire, akumutchulira chilembo chimodzichimodzi. Zonse zinapita pachabe.

"Ndiye kuti yakalamba imeneyo, alamu. Ikatopa imadzitseka yokha. Kuwerenga muwerenga, koma kufufuta iwalani. Thamangani mukagule ina, iyo muiponde ndi chidendene."

"Ndidzera pati? Bwana ali pakhomo pompa. Komanso anaimangirira ku makiyi a galimoto yawo, amaidziwa ngati mwana wawo."

Mlamu anati ali ndi kasitomala, n'kudula foni.

"Mayi!" anakuwa bwana kuseri kwa chitseko. "Msonkhano uyembekeze inu?"

Anapereka fulashiyo ndi manja awiri. Masana onse anakhala m'kachipinda kaja, akumvetsera galimoto iliyonse yoima panja. Nkhomaliro yake inazizirira m'chikwama.

Bwana anabwera folo koloko, akuimba mluzu. Anaima pachitseko, thupi lawo n'kudzaza khomo lonse, makiyi akuzungulira pachala.

"Lipoti munalikonza bwino, mayi."

"Zikomo bwana."

"Koma ndaona mwandiikiramonso zina. Sindinapeze mpata wotsegula. Ndikaziwerenga mofatsa kunyumba Loweruka."

"Chabwino bwana."

Tsikulo linali Lolemba.