Manambala Amene a Mphepo Anawerenga

A Mphepo anali atayamba kusankha fodya m'mamawa, koma pofika nayini koloko masamba anali kuwasokonekera m'manja. Ofiira ankawaponya kwa achikasu, ong'ambika ankalowa m'gulu la abwino, zinthu zimene sanachitepo m'zaka makumi atatu za utenanti pa esiteti ina ya ku Chisemphere.

"Bambo a Titho, maso ali kuti lero?" anafunsa akazi awo, a Ezelina, akubweza masambawo m'malo mwake. "Kapena ndege mukakwera ndinu?"

Maso anali pakhomo pa chigafa. Apo panali mwana wawo wamkazi, Tithokoze, atakhala pa belo la fodya, laputopu ili pamiyendo, nkhope itauma gwa. Thu koloko masana a tsiku lomwelo ankayenera kufunsidwa mafunso omaliza ndi aphunzitsi a yunivesite ina ya ku Ulaya, imene inkafuna munthu mmodzi yekha woti akachite kafukufuku wa digiri ya udokotala pa chitetezo cha makompyuta. Mafunsowo anali oti achitikire pa intaneti, ndipo polowera pake anali atamutumizira pa imelo. Tsono imeloyo inali itakana kutseguka chidzukireni.

Zimene mwana wawo ankaphunzirazo a Mphepo sankazimvetsa, koma ankazipatsa ulemu ngati wa m'tchalitchi. Tsiku lina mwanayo anawafotokozera kuti ndi masamu otsekera mawu: uthenga udutse m'manja mwa anthu chikwi, koma wotsegula akhale mwini wake yekha. Iwo anangogwira pakamwa. Masamu amene ankawadziwa anali a pasikelo, ndipo awa otseka zitseko zosaoneka anawasowetsa chonena kwa masiku awiri. Tsiku lachitatu pakamwa panatseguka, ndipo sipanatsekekenso. Anauza a kumpingo, anauza a pagolosale, anauza ngakhale wa kabaza amene sanawafunse, kuti mwana wa tenanti wochokera ku Phalombe akukakhala dokotala wa zinsinsi.

"Wina wasintha pasiwedi yanga," anatero Tithokoze osadzutsa mutu. "Dzulo, foro koloko itangodutsa."

Foro koloko ya dzulo a Mphepo ankaikumbukira bwino lomwe. Anali kudambo pamene foni yawo ya mabatani inalira. Woyimbayo anali munthu waulemu zedi, wa Chichewa chosalala. Anawatchula kuti bambo a Tithokoze, anafunsa za moyo wa amayi, anafunsanso ngati fodya wachita bwino chaka chino. Kenako anati akuyimba m'malo mwa sukulu ya kunja ija, ndipo chatsala ndi chilolezo cha kholo basi. "Pabwera manambala sikisi pafoni yanupo. Mukangondiwerengera, ndiye kuti mwasayina." A Mphepo anavula chipewa ali okha kudamboko. Ku sekondale ya Nkhamenya, pamene Tithokoze ankayamba Fomu 1, asisitere anawaitanitsa kuti asayine. Ku koleji nako anasayina. Tsono ngati ndi ku Ulaya komwe akudziwa kuti mwana ali ndi bambo wake, iwo akanakana bwanji? Anawerenga manambalawo pang'onopang'ono, kawiri, kuopa kulakwitsa. Kunyumba sananene kanthu, ankafuna kuti adzaulule mwanayo atapambana.

Tsopano anangotembenuzatembenuza tsamba m'manja, akudziuza kuti mwina nkhani ziwirizi sizikukhudzana. Munthu ukafuna kudzinamiza suchedwa kupeza mboni m'mutu mwako momwemo.

Dzuwa linakwera. Tithokoze anayesa izi, anayesa izo, anaimbira mnzake wa ku Lilongwe kumene ankagwira ntchito, anabwerera pa belo paja. Adiresi ya aphunzitsiwo inali m'kati mwa imelo yomweyo. Analembera ku ofesi ya yunivesite, kunabwera yankho la makina loti adikire masiku atatu.

"Nanga si iwe katswiri wa zimenezi?" anatero a Ezelina, pofuna kumuseketsa. "Mmisiri wa maloko wadzitsekera panja?"

"Amayi, loko wanga ndi wolimba. Foni yanga sinalandire kalikonse. Munthuyu sanathyole, analowa ngati wapakhomo." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikanangodziwa khomo limene analowera, bwenzi nditalowera lomwelo. Ndaiyembekeza zaka zitatu nthawi imeneyi."

A Ezelina anayang'ana amuna awo, nayang'ananso mulu wa fodya wosakanikirana uja. Anakhala nawo pabanja nthawi yaitali moti sanafunike kufunsa zambiri.

"Inu, chilipo chimene mwameza," ananong'ona. "Lavulani."

Manyazi amene anawagwira a Mphepo anali oti sanawamvepo, ngakhale tsiku limene kapitawo anawakalipira pamaso pa ana. Anaganiza zopita kudambo ndi kukakhala komweko mpaka thu koloko idutse. Anaimirira ndithu, natenga chipewa. Koma miyendo inawafikitsa pamaso pa mwana wawo, ndipo anakhala pansi, pafumbi, ngati wobwera kudzapepesa mlandu.

"Titho, mwana wanga, dzulo ndinasayina."

"Munasayina chiyani, abambo?"

Anafotokoza zonse, osasiyako ngakhale za chipewa. Tithokoze anawayang'ana nthawi yaitali. Iwo anadikira kukalipiridwa, ndipo anali atakonzeka kuvomera.

"Nambala yanu ija," anatero mwanayo pamapeto pake, mawu ali pansipansi. "Imelo iyi ndinatsegula ndili Fomu 3, ndilibe foni. Ndinalembetsa nambala yanu kuti ikhale yopulumukira ndikadzaiwala pasiwedi. Zaka khumi ndi ziwiri, ine osaikumbukiranso. Ndakhala ndikuphunzitsa anthu kutseka zitseko, changa chakuseri chili pululu." Anatambasula dzanja. "Bweretsani foniyo. Ngati sanaichotse nambalayo, tikadali ndi mwayi."

Inali itadutsa wani koloko. Zala za Tithokoze zinayamba kuthamanga, ndipo patapita kanthawi kafoni ka mabatani kanalira m'dzanja lake. A Mphepo anatembenukira kumbali kuti maso awo asakumanenso ndi manambalawo.

"Ndalowa," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Nayenso ali momwemo."

"Ndani?"

"Mnzanu waulemu uja. Pompano akulembera anzanga m'dzina langa, akuti ndadwala, andithandize."

A Mphepo anasendera chammbuyo, akuyang'ana laputopuyo ngati muli njoka. Kanthu kopyapyala ngati mbale, koma m'kati mwake muli mwana wawo ndi wakuba, akulimbirana nyumba imene iwo sakanatha kuiona ngakhale atavala magalasi awiri. Panalibe kukuwa kapena chibonga. Mtsikanayo anangoluma mlomo, nadina apa, nadina apo, ngati mmene ankachitira posoka fodya ali wamng'ono.

"Watuluka. Ndatseka konse, ndasintha makiyi."

"Wamutulutsa? Uli pompano?" anafunsa a Mphepo. "Ali kuti iyeyo?"

"Kaya, abambo. Mwina pa Boma pomwepa, mwina kutali. Anamva kuti kuno kuli bambo wonyadira mwana wake."

Sananene mwaukali, koma mawuwo analowa.

Thu koloko itakwana, Tithokoze anali atasamba kumaso, atavala bulauzi yoyera, atakhala pamthunzi pafupi ndi chulu pamene netiweki imagwira bwino. Pa laputopu panaoneka nkhope zitatu, amayi a imvi ndi abambo awiri. Makolo ake anaima chapatali, a Mphepo akuthamangitsa nkhuku ndi manja okha kuopa phokoso. Chingerezi chinayamba kuyenda. Iwo ankatolapo liwu limodzi pa makumi awiri, koma maso ankaona zonse. Anaona mmodzi wa abambowo akufunsa funso lalitali atakwinya nkhope. Anaona mwana wawo akutenga pepala, kulemba mizere ya zizindikiro zosadziwika, ndi kulionetsa ku kamera. Anaona wokwinya uja akuyandikira, kuwerenga, kenako kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati wogula amene wapeza tsamba labwino pakati pa belo. Kuseri kwa mwanayo kunali minda ya ziputu za fodya mpaka kumene maso amalekezera, ndipo anthu a kutsidya kwa nyanja zamchere anali chete kumvetsera mwana wobadwira m'nyumba ya udzu ya pa esiteti.

"Uyu tinabereka ife?" ananong'ona a Mphepo.

"Ine ndiye ndikukumbukira bwino," anayankha a Ezelina, misozi ili m'masaya.

Patatha pafupifupi ola, Tithokoze anatembenuka nawakodola.

"Abambo, bwerani. Akufuna akuoneni."

"Ine? Ndi manja awa?"

"Anandifunsa chifukwa chake ndikufuna kufufuza za chitetezo cha anthu amene amabwerekana mafoni. Ndawauza za lero."

"Wandiulula kwa azungu?"

Koma anapita, akupukuta manja akuda ndi utomoni wa fodya pa thalauza. Anagwada bondo limodzi kuti nkhope ikwane pagalasipo. Amayi a imvi aja anawapatsa moni, kenako analankhula, Tithokoze akumasulira.

"Akuti sakukuimbani mlandu. Akufuna kudziwa chimene chinakupangitsani kumukhulupirira munthuyo."

A Mphepo anaganiza kaye, chifukwa funso lofunsidwa mwaulemu limafuna yankho loona.

"Uwauze kuti anandifunsa za fodya wanga. Ndiponso anati mwana wanga sangapite popanda ine. Zinthu za mwanayu zinandipitirira kalekale, sindithanso kumuthandiza kalikonse. Ndiye munthu atandiuza kuti pali kanthu kamodzi kamene ndingamuchitire, ndinathamangira."

Tithokoze anamasulira zonse. Kenako a Mphepo anaona chinthu chimene sanachiyembekezere: amayi aja, pulofesa wathunthu, anatenga cholembera nalemba mawu awo m'buku. Analemba ndithu, mzere ndi mzere, mawu a munthu amene sukulu analekezera Sitandade 4.

Analankhulanso pang'ono, anatsanzikana, nkhope zija zinazimiririka. Tithokoze anatseka laputopu nakhala ataigwira ndi manja awiri.

"Akuti kalata ibwera sabata ino," anatero. "Koma akuti ndiyambe kukonza pasipoti. Anditenga, amayi. Anditenga!"

A Ezelina analuluta mpaka matenanti a m'zigafa zina anatulukira kudzaona. A Mphepo anakhala pomwepo m'mbali mwa chulu, akuyang'ana kanthu kotsekedwa kaja.

"Zaka zingati?" anafunsa phokoso litachepa.

"Zinayi."

"Zaka zinayi zonsezo kufufuza zimene ndinachita dzulo kudambo?"

"Inu ndi anthu ena ambirimbiri, abambo. Masamu ake ndi olimba kale. Chimene sitinachipeze ndi loko woti ateteze munthu ngakhale pamene wakuba wamulankhula bwino."

A Mphepo anagwedeza mutu nthawi yaitali. Kenako anadzuka, nasasa fumbi pabondo, nayang'ana mwana wawo m'maso koyamba tsiku limenelo.

"Chabwino, pita ukandifufuze. Dzina langa ulembe lonse, usabise. Koma polembapo usaiwale chinthu chimodzi: sunandigwire ayi. Ndinabwera ndekha kudzanena."

"Ndidzayambira pamenepo, abambo," anatero Tithokoze.